Chichewa Chisathere pa Mabatani

Ife omasulira zilankhulo za mu Africa tinavomera bodza limodzi osalifufuza, ndipo takhala tikudyerapo. Bodzalo ndi lakuti chilankhulo chimakhala chalowa m'kompyuta tsiku limene mawu a pa mabatani amasuliridwa. "Save" akasanduka "Sungani", "Search" n'kukhala "Fufuzani", timaitana atolankhani, timajambulitsa, opereka ndalama amalemba lipoti lawo, ife n'kulandira kangachepe kathu. Koma batani ndi laimu wa pakhoma chabe. Njerwa ndi maziko zili kuseri kwa laimuyo, ndipo kumeneko Chichewa, Chiswahili ndi zinzake sizinapondeko. Choipitsitsa n'chakuti kuseri komweko n'kumene kumagamulidwa ngati laimu wathuyo aoneke kapena ayi.

Ndikufuna kupita nanu kuseriko kudzera pa mzere umodzi wa Chingerezi umene aliyense womanga mapulogalamu pa Linux anauonapo ukudutsa: "checking how to run the C preprocessor... gcc -E". Umangothwanima kamodzi pakati pa mizere ina mazanamazana. Koma ndisanaumasule, tiyeni tione kaye malo amene mzere wotere uli ndi ntchito yogwirika, kuti wina asanene kuti ndikukamba za masewera a anyamata a ku California.

Tandale ndi wodi ya m'boma la Kinondoni, mumzinda wa Dar es Salaam. Amalawi ambiri okapikula katundu ku Kariakoo sanafikeko, koma dzinali amalidziwa chifukwa n'kumene anakulira woimba Diamond Platnumz. Amene anakhalapo ku Ndirande, ku Mbayani kapena ku Mtandire sangadabwe nako: nyumba zothithikana, tinjira tongokwana munthu mmodzi ndi ndowa yake, msika waukulu wa chimanga, mpunga ndi nyemba, komanso mtsinje wa Ng'ombe umene mvula ikakula umalowa m'nyumba za anthu osaodira. Kalembera wa 2012 anapeza anthu opitirira 50,000 m'wodi imeneyi. Komabe chisanafike chaka cha 2011, pa mapu a pa intaneti Tandale ankaoneka ngati dambo, misewu ingapo basi.

Mu Ogasiti 2011 ophunzira a pa Ardhi University, pamodzi ndi anthu a m'Tandale momwemo, anayenda ndi timakina ta GPS kulemba zimbudzi, malo otungira madzi, zipatala, masukulu ndi malo otayira zinyalala, n'kuziika pa OpenStreetMap. Ntchitoyi inathandizidwa ndi World Bank ndi bungwe la Twaweza, ndipo ophunzitsa anali a GroundTruth, amene anayambitsa ntchito yofanana ku Kibera mumzinda wa Nairobi mu 2009. Mu Disembala chaka chomwecho madzi osefukira anapha anthu makumi angapo mu Dar es Salaam. Mu 2015 panabadwa Ramani Huria, imene inafalitsa ntchitoyi kumawodi ambiri osefukira madzi, kenako n'kuyamba kulemba ngalande imodziimodzi.

Ntchito imeneyi ndilibe nayo mlandu. Anthu anadzilemba okha pa mapu a dziko lapansi, ndipo zimenezo si zochepa. Funso langa ndi lina: mapuwo akhala pa chiyani?

Zimene anthu a ku Mtogole ndi kwa Tumbo analemba zimasungidwa m'nkhokwe ya pakompyuta yotchedwa PostgreSQL. Kuti zijambulidwe n'kuoneka ngati mapu, zimadutsa mu PostGIS. Zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga zimawerengedwa ndi GDAL. Ndiye pali PROJ, imene ntchito yake imaoneka yaing'ono mpaka itasowa. GPS imatchula malo potsata muyezo wa WGS 84, pomwe mapu akale a boma la Tanzania anajambulidwa pa muyezo wa Arc 1960, monga mmene athu a ku Malawi alili pa Arc 1950. Miyezo iwiriyi imasiyana ndi mamita mazana awiri kapena atatu. Kuthengo zimenezo si kanthu. Ku Tandale ndi nyumba makumimakumi, moti ngalande yotsekeka ingapezeke yalembedwa pakhomo pa munthu wosalakwa. PROJ ndiyo imatembenuza manambala a muyezo wina kupita ku unzake.

Mapulogalamu anayiwa analembedwa m'zilankhulo za makompyuta za C ndi C++. Ndi aulere, ndipo malamulo ake amalola aliyense kuwatenga, kuwawerenga ndi kuwasintha. Koma ufulu umenewo uli ndi khomo limodzi lokha. Chimene munthu amalemba ndi kuwerenga, chomwe ndizichitchula kuti khodi, kompyuta siingachigwiritse ntchito mmene chilili. Chiyenera kumangidwa kaye, kutanthauza kusandutsidwa manambala amene makina amamva. Amene sadziwa kumanga angathe kusintha khodi usiku wonse, koma kukacha pulogalamu idzakhala yomwe ija. Mu 2011 ndi mu 2015, kumanga aliyense wa mapulogalamu anayiwa kunkayamba ndi lamulo limodzi: ./configure.

Womanga wamkulu amatchedwa compiler. Koma khodi ya C isanafike kwa iye imadutsa kwa wina, preprocessor. Taganizani za telala amene ali ndi mnyamata wodula nsalu. Mnyamatayo sadziwa kusoka, ndipo diresi silimukhudza. Amangotsata zizindikiro za choko. Nayenso preprocessor C samumva. Amangoyang'ana mizere yoyamba ndi chizindikiro cha #, ndipo ntchito zake zikuluzikulu ndi zitatu. Akaona #include amakatenga fayilo yotchulidwayo n'kuimata pamalopo. Akaona #define amadziwa kuti paliponse pamene pali mawu akuti, aikepo akuti. Akaona #ifdef amafunsa ngati chinthu chakuti chavomerezedwa: ngati inde, ndime yotsatirayo amaisiya, ngati ayi, amaidula n'kuitaya, ndipo compiler sadziwa n'komwe kuti inalipo. Lumo limeneli mulikumbukire, tilipezanso kutsogoloku.

Vuto n'lakuti mnyamata wodulayu saitanidwa mofanana pa makina onse. M'zaka za m'ma 1980 kampani iliyonse yopanga makompyuta a Unix inali ndi kachitidwe kake. Mu 1991 David MacKenzie, atatopa ndi kukonza mapulogalamu a GNU pamanja kuti agwirizane ndi makina osiyanasiyana, anayamba kulemba chida chotchedwa Autoconf, chimene chimatulutsa configure. Nzeru yake ndi yachikale ndithu, ya safunsa anadya phula. Configure sakhulupirira dzina la makina kapena mbiri ya kampani imene inawapanga. Amayesa. Amalemba tikhodi ting'onoting'ono, kutipereka kwa makina, n'kuona chimene chichitike. Mayankho onse amawasonkhanitsa m'fayilo imodzi ya mizere ya #define, imene preprocessor adzatsate podula.

Pofuna kudziwa kaitanidwe ka preprocessor, configure wa Autoconf 2.69, amene anatuluka mu 2012 n'kulamulira zaka zisanu ndi zitatu, amayesa njira zitatu motsatana. Yoyamba ndi kuuza compiler yemweyo kuti adule kokha osasoka, ndiye "gcc -E" uja. Yachiwiri ndi yomweyo koma mwa kadulidwe kachikale. Yachitatu ndi kukagogoda pa /lib/cpp, kumene makina akale ankasunga preprocessor payekha. Njira iliyonse imalembetsedwa mayeso awiri, ndipo apa mpamene ndimavulira chipewa amene anakonza zimenezi. Mayeso oyamba: amapatsidwa khodi yoitana fayilo imene ilipodi, limits.h, ndipo pansi pake pamalembedwa dala mawu amene si C. Wodula weniweni ayenera kuidutsitsa osadandaula, chifukwa kuweruza galamala si ntchito yake. Mayeso achiwiri: amapatsidwa khodi yoitana fayilo imene kulibe padziko lonse, ac_nonexistent.h. Apa ayenera kukana. Akavomera, walephera.

Mlonda amayesedwa kawiri. Mumamutumizira mwini nyumba kuti muone ngati atsegule, kenako mumamutumizira mbala kuti muone ngati atseke. Wotsegulira aliyense ndi wopanda ntchito chimodzimodzi ndi wotsekera aliyense. Ndikanakonda amene amatigulitsa makina omasulira Chichewa akanayesa katundu wawo motere. Ambiri amakondwa kuti makinawo atulutsa chiganizo. Sindinamvepo wina akunyadira kuti makina ake anapatsidwa zopanda mutu n'kukana kuzimasulira.

Mukatsegula configure n'kuwerenga timawu timene olemba anasiya m'mbali, mupeza manda a makampani. Mawu osakhala C aja anaikidwa chifukwa cha khalidwe la makompyuta a NeXT, kampani ya Steve Jobs imene inasiya kupanga makina mu 1993. Pamwamba pake pali kamzere koteteza ku vuto lina la makompyuta a Sun, kampani imene inagulidwa ndi Oracle mu 2010. Ndiye kuti laputopu yakaunjika yogulidwa ku Kariakoo, ili pathebulo ku Tandale, imayamba yapereka ulemu ku mizimu ya NeXT ndi Sun isanamange chilichonse. Ena amaseka zimenezi n'kumati ndi zinyalala. Ine ndimaonapo kaundula wa amene analipo pabwalo. Aliyense amene makina ake anavuta, n'kudandaula, n'kutumiza kokonzera, analembedwamo ndipo akukumbukiridwa mpaka lero. Ife mulibemo, ndipo si chifukwa chakuti makina athu savuta.

Nanga njira zonse zitatu zikalephera? Configure amaima n'kulemba kuti: "error: C preprocessor "/lib/cpp" fails sanity check". Womasulira wa mabatani, amene anaphunzitsidwa kutsata mawu m'modzim'modzi, angalembe kuti preprocessor wa pa /lib/cpp wapezeka kuti mutu wake suli bwino. Akatero ndiye kuti wamasulira bodza mokhulupirika. /lib/cpp alibe mlandu. Watchulidwa chifukwa ndiye anali womaliza pamzere, ngati mwana amene wapezeka pafupi ndi mbale yosweka. Nthawi zambiri chosowa ndi china. Mwina mafayilo a .h a Linux sanaikidwe, choncho limits.h ikaitana inzake yotchedwa linux/limits.h sikuyankhidwa, ndipo mankhwala ake pa Debian ndi Ubuntu ndi kuika linux-libc-dev. Uthengawo ukatchula C++, kawirikawiri ndiye kuti g++ palibe, ndipo kuika build-essential kumathetsa zonse. Choonadi chimakhala chitalembedwa m'fayilo ya config.log, koma mkatikati, osati kumapeto kumene maso amathamangira.

Ndangokufotokozerani vutoli m'Chichewa, m'ndime imodzi, ndipo Chichewa sichinathyoke msana. Koma taganizani za mtsikana amene anaphunzira kuyenda ndi GPS m'tinjira ta kwawo, wafuna kupitirira pamenepo, wagula bandulo ya intaneti ndi ndalama ya ndiwo, wakopera khodi ya PostGIS, ndipo pa mphindi yoyamba makina amuuza za misala ya fayilo imene sanaimvepo. Akafufuza apeza mayankho m'Chingerezi, m'Chitchaina, m'Chirasha, m'Chijapani. Bandulo ikutha. Chimene atsimikize n'chakuti zinthu izi si za anthu ngati iye, pomwe chimene chinamutchinga ndi lamulo limodzi la mawu anayi. Abwerera ku ntchito yotolera mfundo, imene amapatsidwa akabwera a pulojekiti, n'kuimitsidwa pulojekiti ikatha.

Tsopano tibwerere ku lumo lija, chifukwa apa mpamene nkhaniyi imatikhudza ife omasulira pachikopa penipeni.

Mapulogalamu ambiri a C amalankhula zilankhulo zosiyanasiyana kudzera m'chida chotchedwa gettext, chimene a GNU anatulutsa mu 1995. Wolemba khodi amakuta uthenga uliwonse wa Chingerezi ndi kachizindikiro, ndipo pulogalamu ikamayenda, gettext amakatenga uthenga wofanana nawo m'fayilo imene womasulira analemba. Luso limeneli amalitchula mwachidule kuti NLS, kutanthauza kuti pulogalamu izilankhula chilankhulo cha mwini makina. Tsegulani khodi ya PostgreSQL, nkhokwe yomwe ija yosunga Tandale, pa fayilo ya c.h. Mupezamo #ifdef ENABLE_NLS. Ngati configure anavomera, gettext amalowa. Ngati sanavomere, pali mzere wouza preprocessor kuti paliponse pamene pali gettext angosiyapo Chingerezi chomwecho. Khomo lonse lolowera zilankhulo zina limadulidwa compiler asanalione. Ndipo pa configure wa PostgreSQL khomoli ndi lotseka pokhapokha womanga atalemba yekha kuti --enable-nls.

Mapulogalamu a GNU amayamba ali otsegula, koma kutseka kwake n'kosavuta: --disable-nls. Omanga mapulogalamu a timakina ting'onoting'ono, monga a OpenWrt imene imayendetsa timabokosi ta intaneti, amatseka pofuna kusunga malo. Ndipo pali china chimene chimandiwawa koposa. Configure akasowa preprocessor amaima, kukuwa, n'kukana kupitirira. Akasowa gettext, pa mapulogalamu ambiri amangolemba kuti "checking whether to use NLS... no" n'kupitiriza ulendo ngati palibe chachitika. Pulogalamu imamangika bwinobwino, ikuyenda, koma yosalankhula china kupatula Chingerezi. Womasulira angathe kutha miyezi itatu akulimbana ndi mauthenga zikwi zisanu, kukangana ndi anzake za liwu lililonse, ntchito yonseyo n'kutayidwa ndi "no" mmodzi amene palibe anamuwerenga. Iye sadziwa n'komwe, poti kuchipinda chomangira sanalowemo.

Configure mwiniwake salankhula chilankhulo china chilichonse. Poyamba penipeni amalamula makina kuti aiwale chilankhulo cha mwini wake mpaka ntchito ithe. Chifukwa chake n'chomveka ndipo sindikuchitsutsa: amawerenga mayankho a zida zina, ndipo mayankhowo akabwera m'Chifalansa lero, m'Chijeremani mawa, asokonezeka. Koma kwa zaka zambiri, mpaka pa 2.69, kamutu kamene kanalembedwa pamwamba pa mizere imeneyi kanali "NLS nuisances", ndiye kuti zosowetsa mtendere za zilankhulo za eni. Sindikuganiza kuti wolembayo ankanyoza munthu. Anangolemba mmene zinkaonekera kuchokera pamene anakhala.

Ndikudziwa zimene anditsutse nazo, chifukwa ndazimva m'misonkhano yambiri.

Ena amati anthu a ku Tandale akufuna ngalande, osati compiler. Mawu amenewa amamveka achifundo, koma amene amawanena ana awo ali kusukulu zophunzitsa makompyuta. Palibe anauza anthu a ku Tandale kuti asankhe pakati pa ngalande ndi GPS mu 2011. Anapatsidwa GPS chifukwa cha ngalande zomwezo, ndipo anaigwiritsa bwino ntchito. N'chifukwa chiyani malire aikidwa pomwepo? Ndani anagamula kuti dzanja lathu likwanira kugwira kachipangizo koma mutu wathu sukwanira kukamanga? Ngalande zimatsekeka chaka chilichonse, pulojekiti imatha pa zaka zitatu. Ikatha, kompyuta yosunga mapu ikafuna kukonzedwa, kapena pakafunika kusintha kachinthu kuti pulogalamu igwirizane ndi zosowa za khonsolo, timayamba kulemba makalata opempha katswiri wochokera kunja. Ifenso ku Blantyre tinaona mu Malichi 2023, Namondwe Freddy atagumula Chilobwe ndi Soche, kuti mapu a malo othithikana ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Chida chotere sichiyenera kukhala chobwereka.

Ena amati Chingerezi ndicho chilankhulo cha sayansi, mwana angochiphunzira basi. Achiphunzire ndithu, ine ndimadya chifukwa cha Chingerezi. Koma ndaonetsa kale kuti uthenga wa /lib/cpp umasocheretsa ngakhale mwini Chingerezi wobadwira ku London. Chimene chimamupulumutsa iye n'chakuti wina anamufotokozera m'chilankhulo chimene amaganizira. Achijapani ndi Achirasha amalemba khodi m'mawu a Chingerezi omwewo, koma mabuku ofotokoza khodiyo ali nawo m'zilankhulo zawo, ndipo PostgreSQL imalankhula Chijapani, Chirasha, Chikoreya, Chiswidishi. Anthu olankhula Chiswidishi ndi ochepa kuposa olankhula Chichewa. Olankhula Chiswahili ndiye osayerekeza n'komwe. Chiswahili mulibe, Chichewa mulibe, ndipo palibe anatiletsa.

Palinso achinyamata odziwa zinthu amene amati Autoconf ndi chikale, masiku ano kuli CMake ndi Meson. Zoona. PROJ ndi GDAL anasiya configure mu 2022, ndipo PostgreSQL inawonjezera Meson mu 2023, ngakhale configure ikadalipo. Koma chasintha ndi wofunsa. Mafunso ndi omwe aja: compiler ali kuti, fayilo yakuti ilipo, gettext alipo? Yankho limatherabe pa #define, ndipo lumo likadali m'manja mwa preprocessor. Amene anamvetsa chifukwa chake configure amafunsa sangavutike ndi wofunsa watsopano.

Mtsutso womaliza ndi umene ndimaulemekeza. Amati ngakhale akatswiri enieni sawerenga zimenezi, amangodikira kuti mizere ithe kudutsa. Nazonso n'zoona, ndipo taona mtengo wake. Mu Malichi 2024 Andres Freund, mmodzi wa olemba PostgreSQL yomweyi, anaona kuti kulowa m'kompyuta ina kukuchedwa ndi theka la sekondi. Atafufuza anapeza khomo lachinsinsi m'pulogalamu ya xz, imene ili pafupifupi m'makina onse a Linux. Munthu wina anakhala zaka zoposa ziwiri akudzionetsa wothandiza mpaka anapatsidwa makiyi. Choyatsira msampha wake anachibisa m'fayilo ya build-to-host.m4, imene imalowa mu configure, ndipo mtundu wake weniweni umayenda limodzi ndi gettext. Mbala inasankha chipinda chimene inadziwa kuti anthu salowamo. Ngati owerenga chipinda chimenechi ndi ochepa chotere padziko lonse, ndiye nzeru yake ili pati yotsekera kunja anthu mamiliyoni mazana chifukwa cha chilankhulo?

Wina asandimve molakwa. Sindikupempha kuti tikhale pansi kupeka liwu la Chichewa la preprocessor. Komiti ingathe kutha chaka ikusankha pakati pa "mkonziratu" ndi "msadzuli", liwulo n'kukafera m'kabati. Anzathu a Chiswahili anapeka "tarakilishi", koma ku Kariakoo mukagula kompyuta. Ngakhale liwu loti khodi ndalilemba ndi h dala, chifukwa "kodi" kwathu ndi funso, ndipo ku Tandale "kodi" ndi lendi ya nyumba kapena msonkho. Mawu adzabwera okha anthu akayamba kukambirana za ntchitoyo. Sindikupemphanso kuti mzere wa vuto usinthidwe, chifukwa munthu amafunika kuukopera mmene ulili kuti afufuze. Chimene ndikufuna ndi ndime ngati ija ndalemba pamwambapa: uthenga wakuti ukatuluka, tanthauzo lake ndi ili, wolakwa weniweni ndi uyu, kayang'ane apa. Ndime zotere zikhale mazana, m'Chichewa ndi m'Chiswahili, zolembedwa ndi womasulira atakhala pambali pa womanga, onse akuyang'ana config.log imodzi.

A ku Tanzania anatitsogolera kale pang'ono. Mu 2004 pulojekiti ya Kilinux ya pa University of Dar es Salaam inatulutsa Jambo OpenOffice, ndipo akatswiri a chilankhulo anagwira ntchito limodzi ndi akatswiri a makompyuta mpaka pulogalamu inamangidwa. Zotsatira za mtima umenewo zimaoneka pamalo ena obisika. M'kati mwa Linux muli glibc, ndipo glibc ili ndi mndandanda wa zilankhulo ndi maiko amene makina amawazindikira. Muli sw_TZ, Chiswahili cha ku Tanzania. Muli sw_KE. Muli bem_ZM, Chibemba cha ku Zambia. Fufuzani ny_MW, simuipeza. Pali njira yozembera, youza makina kuti ndinu Mngerezi wa ku Britain koma mukupempha mauthenga a Chichewa, ndipo imagwira. Koma kumeneko n'kulowa m'nyumba yako pa chitupa cha mnzako. Ngakhale chilembo ŵ, chimene ena timalembera Malaŵi, chinapeza malo msanga m'makompyuta chifukwa anthu a ku Wales amachigwiritsanso ntchito ndipo anachimenyera nkhondo.

Fayilo ya ny_MW si yaitali, masamba ochepa chabe, ndipo mafunso ake ambiri si a injiniya. Imafuna maina a masiku, ndi chidule cha lililonse. Lolemba ndi Loweruka n'zosavuta, koma Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu onse amayamba ndi zilembo zisanu zofanana, ndiye chidule cha zilembo zitatu chimene Chingerezi chinazolowera sichitithandiza. Tsiku loyamba la sabata tilembe Lamulungu kapena Lasabata, podziwa kuti kwa a Seventh Day Sabata ndi Loweruka? Imafuna maina a miyezi, Januwale kapena Januware. Imafuna kudziwa kuti K wa kwacha amakhala kutsogolo kwa nambala. Imafuna dongosolo la alifabeti: ng' akhale pati, ŵ atsate w kapena asakanikirane naye? Imafunanso chilembo chimodzi choimira kuvomera ndi china choimira kukana, pamene makina afunsa ngati afufute fayilo. Tikati i ndi inde, wina aganiza za iyayi, n'kufufuta ntchito yake ya mwezi wathunthu. Tikati e ndi eya, a ndi ayi, a ku Chipata ndi a ku Tete avomereza? Kapena nawo alembe ny_ZM ndi ny_MZ zawo?

A Centre for Language Studies ku Zomba ali ndi anthu otha kuyankha mafunso amenewa, ndipo ophunzira makompyuta a ku MUBAS ndi ku Mzuzu University angathe kulemba fayiloyo, kuimanga, kuiyesa ndi kuitumiza kwa osamalira glibc. Anzanga omasulira, pa kontrakiti yotsatira ya mabatani, funsani amene akukulembani ntchito kuti pulogalamuyo adzaimanga ndani, pa makina ati, ndipo mzere wa NLS udzathera pa "yes" kapena pa "no". Akakuyankhani kuti zimenezo si za womasulira, apempheni config.log.